Kutumiza Mowa Ngati Mphatso: Mmene United States ndi Canada Amasiyanirana

Munthu amene wakulunga bwino botolo la vinyo nʼkulemba mawu oti "mphatso" pa fomu ya kasitomu amaganiza kuti mawuwo amutsegulira njira, koma pa nkhani ya mowa sagwira ntchito ku United States ngakhalenso ku Canada. Mayiko awiriwa salipiritsa msonkho pa mphatso zingʼonozingʼono zochokera kunja, zosaposa madola 100 ku United States ndi madola 60 a ku Canada, komabe onse anachotsa mowa mʼgulu la mphatso zoterozo. Chimene amasiyana ndi amene anamupatsa makiyi a khomo lolowera mowawo.

Ku United States positi ya boma, USPS, siloledwa kunyamula mowa ngakhale pangʼono, ndipo kalaliki akamva madzi akukhuthukira mʼbokosi angathe kufunsa zimene zili mʼkati nʼkulikana pomwepo. Makampani a FedEx ndi UPS amaunyamula, koma okhawo ochokera kwa amalonda a ziphaso amene anasainirana nawo pangano, ndipo wolandira ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, aonetse chitupa ndi kusaina. Gwero la chisokonezo chonse ndi chaka cha 1933, pamene dzikolo linathetsa chiletso cha mowa posintha malamulo ake aakulu, nʼkupereka mphamvu yoyendetsa nkhani za mowa kwa chigawo chilichonse pachokha. Zotsatira zake nʼzakuti botolo limene lingafike pakhomo ku California popanda vuto lingakhale mlandu ku Utah. Mu 2005 khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Granholm v. Heald, linagamula kuti chigawo sichingalole opanga vinyo akwawo kutumizira ogula kunyumba uku chikuletsa a mʼzigawo zina, koma chigamulochi chinathandiza opanga vinyo, osati mlamu amene akufuna kukondweretsa mʼbale wake pa Khrisimasi.

Canada anasankha njira ina. Lamulo la mu 1928 linaika udindo woitanitsa mowa mʼmanja mwa mabungwe a zigawo, monga LCBO ku Ontario ndi SAQ ku Quebec, moti phukusi la mowa lochokera kunja silingalembedwe dzina la munthu wamba nʼkuyenda pa positi. Positi imalola mowa wopita kwa okhawo ovomerezedwa ndi mabungwewa, ndipo ukali wake usapose 24 peresenti. Malire amenewa sanangowatola: mowa woposa pamenepo umawerengedwa mʼgulu la zinthu zosachedwa kuyaka, zimene zili ndi malamulo akeake pa ndege. Choncho wiski, amene anthu ambiri amamuona kukhala mphatso yaulemu, ndiye amayambirira kugwa.

Kuti timvetse mmene zigawo za Canada zimatetezera malonda awo, tikumbukire nkhani ya Gerard Comeau, amene mu 2012 anagula mowa ku Quebec, kumene unali wotchipa, nʼkuwoloka nawo kulowa kwawo ku New Brunswick. Apolisi anamuimitsa, anamulanda mowawo ndi kumulipiritsa chindapusa cha madola osakwana 300, ndipo nkhaniyo itafika ku khothi lalikulu la Canada mu 2018, oweruza anati lamulo la chigawocho linali lovomerezeka. Ngati mowa unkasowa ufulu wodutsa malire a zigawo za dziko limodzi, kuli bwanji botolo lochokera tsidya la nyanja?

Ndikayeza njira ziwirizi, ndimaona kuti ya Canada ndi yomveka, ngakhale imalemera pathumba chifukwa bungwe la chigawo limawonjezera phindu lake pamwamba pa msonkho: wotumiza amadziwa khomo limodzi loti agogode. Ya ku United States imaoneka yaufulu popeza malonda ambiri ali mʼmanja mwa makampani, koma munthu ayenera kufufuza lamulo la chigawo chimene wolandira akukhala, nthawi zinanso la dera lenilenilo, poti kulinso madera amene kugulitsa mowa nʼkoletsedwa mpaka lero.

Kunama pa fomu, nʼkulemba kuti mʼbokosimo muli mafuta ophikira, nʼkuika mʼmavuto wolandira amene sanapemphe nʼkomwe mphatsoyo, ndipo botolo likasweka mʼnjira fungo limaulula zonse. Njira yodalirika ndi kulipira pa intaneti kwa wogulitsa wa chiphaso wa mʼchigawo chimene mnzanuyo akukhala, kuti botolo lisadutse malire alionse. Amene akufunitsitsa kupereka botolo lochokera kwawo achita bwino kudikira ulendo nʼkulinyamula yekha mʼchikwama: United States amalola lita imodzi popanda msonkho kwa wa zaka 21, pomwe Canada amalola malita 1.14 a mowa waukali, malita 1.5 a vinyo kapena malita 8.5 a biya, bola wapaulendoyo akhale atakwanitsa zaka 18 ngati akulowera ku Alberta, Manitoba kapena Quebec, ndi zaka 19 mʼzigawo zina zonse.