Pemphero la abale athu amene samva

Abale ndi alongo kuno ku Joni, pa 3 Malichi dziko lonse limakumbukira za kumva. Tiyeni tipemphere limodzi.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaumba khutu, tcherani khutu lanu kwa ife. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO akuti anthu oposa 430 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Ife chiwerengerochi chikutikulira, koma Inu mukuwadziwa mmodzimmodzi.

Ndiyambe ndi bambo anga, Ambuye. Anabwera kuno pa Wenela ali mnyamata, nkumaboola miyala pansi pa nthaka ya Johannesburg yomwe ndikupondayi. Anabwerera kumudzi ndi njinga ndi wailesi. Wailesiyo ikadalipo, koma iwo saimvanso. Ndikaimba foni Lamulungu amangoti "eya, eya mwananga," kenako nkupatsira amayi. Pa maliro ndi pa milandu amakhala kumapeto kwa mkeka, anthu akaseka nawonso nkuseka osadziwa chaseketsa. Mundikhululukire masiku amene ndinadula foni msanga chifukwa chotopa kubwereza mawu. Khalani nawo m'chete wawoyo, pamodzi ndi agogo onse amene ukalamba wawatseka makutu.

Tikupempherera anyamata athu ogwira galainda, owotcherera zitsulo, otchetcha kapinga ndi makina ku Randburg ndi ku Sandton. Phokoso lofika madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) tsiku lonse la ntchito limapha khutu pang'onopang'ono, ndipo khutu lofa ndi phokoso silidzukanso. Ambiri amaopa kupempha zotsekera m'makutu kuti ganyu ingathe. Usiku akagona, m'makutu mumalira ngati nyenje. Apatseni kulimba mtima, ndipo fewetsani mitima ya mabwana awo. Achenjezeninso achinyamata amene amakhala ndi mahedifoni m'makutu kuchokera pokwerera maminibasi pa Noord mpaka ku Diepsloot.

Ambuye Yesu, ana! M'chilankhulo chathu mwana wamwano timamuti wosamva, ndiye ena tawakalipira, ena tawakwapula, pamene mawu athuwo sanawafike nkomwe. Tchimo limeneli ndi lathu. Ana ambiri amagontha ndi zinthu zopeweka: khutu lotuluka mafinya lomwe tinangothiramo mafuta, chikuku, matenda oumitsa khosi. Tsegulani maso a makolo, kuti akaona khanda losadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, athamangire ku kiliniki osayamba kuloza anansi zala kuti ndi ufiti. Mayi amene akuopa kupita kuchipatala chifukwa chosowa mapepala okhalira m'dziko muno, mutsogolereni kwa namwino wachifundo. Amene akusowa ndalama za kachipangizo kothandiza kumva ngakhale mabatire ake, atsegulireni njira.

Tikukuthokozani kuti mu 2023 dziko la South Africa linavomereza chinenero chamanja kukhala chinenero cha boma cha nambala 12. Dalitsani aphunzitsi a m'masukulu a ana osamva: a ku St Vincent ku Melrose ndi a ku Sizwile ku Dobsonville, komanso kwathu ku Mua, ku Maryview ndi ku Embangweni. Kumbukirani m'bale amene anaphunzira kulankhula ndi manja ku Malawi, nkufika kuno kupeza kuti manja a kuno amalankhula mosiyana. Iye ndi mlendo kawiri.

M'mipingo yathu timaimba mpaka malata kunjenjemera, koma kutsogolo kulibe womasulira ndi manja. Utsani pakati pathu anthu ofuna kuphunzira, ndipo muyambe ndi ine.

Munthu wogontha uja atabwera naye kwa Inu, munamutengera pambali, kutali ndi khamu, munaika zala zanu m'makutu mwake, munayang'ana kumwamba nkuusa moyo, nkunena kuti "Efata," kutanthauza kuti "Tseguka." Amene mwafuna kuwachiritsa, achiritseni, kaya ndi dzanja lanu kaya kudzera mwa madokotala. Amene adzakhale osamva moyo wawo wonse, musalole kuti tiwasiye okha pa mkeka. Tiphunzitseni kuwayang'ana kumaso polankhula, kubwereza osanyinyirika, ndi kuwaitana ndi mayina awo.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu. Ameni.