Agogo akamabwereza nkhani, musawadule pakamwa

Sabata yatha ndili kumudzi ndinamva msuweni wanga akuuza agogo athu aamuna kuti, "Agogo, imeneyo munatiuza kale." Agogo anangoti chete, n'kuyamba kusasa fumbi pachipewa chawo. Zinandiwawa mumtima mpaka lero.

Nkhani yake ndi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi: mmene ananyamukira ali mnyamata kupita kumigodi ya ku Joni, mmene ankatsikira pansi pa nthaka mdima uli bii, ndi mmene ndege ya Wenela inagwera ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, mpaka Kamuzu analetsa kutumiza anthu kumigodiko. Ndaimva kambirimbiri. Koma chimene ndaona n'chakuti safotokoza mofanana. Kale ankanyadira wailesi ndi bulangete zimene anabwera nazo. Masiku ano amakhalitsa pa mwana wawo wachisamba amene anamwalira iwo ali kumgodi, maliro ake osawaona.

Erik Erikson, katswiri wa zamaganizo wobadwira ku Germany, mu 1950 anagawa moyo wa munthu m'magawo 8, lililonse ndi nkhondo yake ya mumtima. Khanda limaphunzira ngati lingadalire omulera. Wachinyamata amalimbana ndi funso lakuti "kodi ine ndine yani?" Gawo lomaliza, kuyambira zaka pafupifupi 65, munthu amatembenuka kuyang'ana njira yonse imene wayenda kuti aone ngati angaivomereze kapena atsala ndi chisoni chokhachokha. Ine ndikukhulupirira kuti ndi ntchito imeneyi imene agogo akugwira akamabwereza nkhani ija. Akuyesa kudzikhululukira, ndipo zimenezi sizitheka popanda womvetsera.

Ife timadziwa kuperekeza munthu pa magawo enawa. Mtsikana akatha msinkhu pali anankungwi, paukwati pali ankhoswe, wapakati pali azamba ndi sikelo. Nanga wokalamba amamuperekeza ndani? Timamupatsa mphasa pakhonde ndi mbale ya nsima, basi, ife maso pafoni. Choipitsitsa, akayamba kuyankhula yekha kapena kutchula anthu amene anamwalira kalekale, pamudzi pamayamba manong'onong'o a ufiti. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa chifukwa cha mphekesera zoterezi.

Inde, matenda oiwalaiwala aliko. Agogo akamafunsa funso lomwelo mphindi zochepa zilizonse, kapena kusochera njira ya kumunda kwawo komwe, apo pafunika kuchipatala. Koma munthu amene akukumbukira dzina la kapitawo wake la zaka 50 zapitazo mutu wake uli bwinobwino.

Madzulo a tsikulo ndinakhala nawo pamkeka, ndinati, "Agogo, mwana uja dzina lake anali ndani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ndi misozi. Anati palibe anawafunsapo chimwalirireni agogo aakazi. Tinacheza mpaka nkhuku zinalowa m'khola, nsima n'kuzizirira m'mbale.