Kwezani mtengo, koma chipolopolocho chizilira

Loweruka lapitali ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe. Ndili ndi shotigani ya 12 bore yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Mapepala ake alipo onse, chiphaso ndimalipira chaka ndi chaka osaphonya. Sindine mlenje ayi. Ntchito yake ndi kuopseza anyani ndi nguluwe kumunda kwathu kuseri kwa phiri la Michiru chimanga chikayamba kukhwima, basi.

Miyezi itatu ndakhala ndikupondaponda pa sitolo ina m'tauni muno kufuna zipolopolo. "Zatha bwana, tayeserani mwezi wamawa." Mwezi wamawawo utakwana, "zili pa boda ku Mwanza, bwana." Tsiku lomwe anati zafika, bokosi limodzi la zipolopolo 25 ndinalipira ndalama imene kale ndinkagulira mabokosi atatu, ya minibasi n'kutsalako. Ndinkafuna SSG, ya timipira tikulutikulu ta nguluwe, anandipatsa nambala 6, ya timipira ting'onoting'ono ta nkhanga, ati zilipo ndi zomwezo. Ndinameza malovu n'kulipira.

Kufika kumunda, anyani ali balalabalala m'chimanga. Kuloza m'mwamba, kukoka: kha! Zii. Anyani kundiyang'ana, wina akusenda chimanga changa osathamanga n'komwe. Pa zipolopolo 10 zomwe ndinayesa tsiku limenelo, 4 sizinalire. China chinangoti fuu ngati munthu akuuzira moto.

Nkhani yanga ndi imodzi yokha. Ngati mwaganiza zotidula khosi ndi mtengo, tidulenidi, koma katunduyo azigwira ntchito. Chipolopolo chodula chizilira. Sindinagule chokongoletsera pa kabati ine. Ndinagula phokoso, ndipo phokosolo palibe.

Musandiuze za madola. Tonse tikudziwa kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso kuti zipolopolozi zimachokera kunja. Zimenezo zikufotokoza mtengo. Koma kodi ndi dola yomwe inachititsa dzimbiri? Nditafika kunyumba ndinakhuthula bokosi lonse pa mphasa. Chitsulo cha kumatako kwa zipolopolo zambiri chinali ndi mawanga, katoni yake yofewa ngati yagonera panja. Katundu wongofika kumene pa boda amaoneka choncho? Izi zinakhalitsa penapake pa simenti, zadya chiperoni, zadya dzinja, kenako mwini wake wazipukuta fumbi n'kumatapo mtengo wa lero. Mwagula pa mtengo wakale, mwagulitsa pa mtengo watsopano, n'zowola zomwe.

Kwa amene simuzidziwa, m'kati mwa chipolopolo cha shotigani mulibe zamatsenga. Pansi pali kakapu koyatsa moto, kenako wonga, kenako chotsekera cha pulasitiki, kutsogolo timipira ta mtovu. Mdani wa kakapu ndi wonga uja ndi chinyezi. Ndipo chipolopolo chonyowa sichingokhala chachabe, chimapha. China chimachedwa kulira, iwe n'kumati chafa, ukuthyola mfuti kuti uchichotse ndiye chikuphulika. N'chifukwa chake bambo ankati chikakana, mfuti iziloza kutali, uwerenge mpaka 30 usanatsegule. China chimalira mofooka, chotsekera chija n'kutsakamira mumpope. Ukaikamo chachiwiri osasuzumira, mpope umang'ambika m'manja mwako. Ndiye munthu ukugulitsa zinthu zotere uli phee pa kauntala, ukusewera pa foni.

Msuweni wanga ali ku Johannesburg amandiseka. Kumeneko munthu wa chiphaso amatola makoko a zipolopolo zomwe wawombera n'kuwadzazanso yekha, ali ndi kamakina kake, sikelo yoyezera wonga, makapu atsopano ogula m'sitolo. Akudziwa chomwe chili m'kati chifukwa waika ndi iye. Kuno zipangizo zimenezo sindinazionepo pa shelefu ngakhale kamodzi. Chomwe ndimaona ndi anyamata kumudzi akundizungulira, "madala, tipatseniko makokowo." Akadzazemo chiyani? Ndimakana, ndimawaphwanya ndi mwala n'kuwataya m'chimbudzi. Koma ndikamakana ndimadziwa kuti amene akuwakankhira kumeneko ndi yemwe uja wogulitsa zodula zosalira. Zenizeni zikasowa, zikapezekanso n'kukhala zakufa, anthu ayamba kupanga zawozawo, zala zidzatha.

Lolemba ndinabwerera ndi bokosi langa ndi lisiti. Mnyamata wa pa kauntala sanalitsegule n'komwe. "Mwina mfuti yanuyo ndi yokalamba, bwana." Yokalamba? Ndinali ndi zipolopolo ziwiri zotsala za chaka chatha, zomwe ndimasunga m'chitini chotseka bwino, zonse zinalira mu mfuti yomweyo Lamulungu m'mawa mpaka agalu a m'mudzi monse anauwa. Nditamuuza choncho anangondilozera chikwangwani chapakhoma, chakuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndinafunsa abwana ake, ati atuluka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ogulitsa ndi owerengeka, akudziwa kuti chaka chamawa ndibweranso ndi chipewa m'manja, ndipo n'zoona, ndibweradi. Ndipite kuti?

Chikwangwani chimenechi chandikwana mu Blantyre muno. Ku Limbe ndinagula mabatire a tochi, anayaka usiku umodzi. Sabwezedwa. Mbewu ya nyemba chaka chatha, theka silinamere. Sabwezedwa. Loko wa pa nkhokwe kiyi anathyokera momwemo tsiku lachitatu. Ndalama zanga zokha ndiye mumaziyang'ana pa dzuwa kuti muone ngati zili zenizeni, ya K5,000 ikang'ambika pakona mumandibwezera pomwepo.