Moodle isakhale nkhokwe yongounjikamo manotsi

Sukulu zonse m'Malawi zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, mayunivesite athu anakakamizika kuyamba kuphunzitsa kudzera pa intaneti, ndipo ambiri a ife m'pamene tinamva dzina la Moodle koyamba. Pulogalamuyi, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002, ndi yaulere, ndipo mphunzitsi amatha kuikapo manotsi, kupereka mafunso amene amachongedwa nthawi yomweyo, kulandira asainimenti ndiponso kutsegula bwalo loti ophunzira azikambirana. Mliri unapita, koma njirayi inatsala, makamaka kwa ophunzira a ODeL (njira yophunzirira uli kutali ndi yunivesite), amene amachita maphunziro awo ali kumudzi kapena ali pantchito.

Ine ndimaikonda njirayi chifukwa ndaona zimene yamuchitira mlongo wanga, mphunzitsi wa pulayimale kumudzi, amene akuchita digiri popanda kusiya ntchito kapena kusiya ana ake. Koma ndaonanso mmene amavutikira. Laputopu alibe, zonse amachitira pa foni yake ya galasi losweka, imene amakatchajitsa pa sola ya munthu wina wometa tsitsi kumsika. Netiweki yokhazikika amaipeza pa chulu cha kuseri kwa sukulu yake, ndipo madzulo amaima pamenepo ndi kope m'khwapa, kudikira kuti fayilo itsike. Tsiku lina vidiyo imodzi ya maola awiri inamudyera bando yonse imene anaigula kuti imufikitse kumapeto kwa sabata, komabe sanaionere mpaka kumapeto.

Apa m'pamene pali dandaulo langa kwa aphunzitsi athu a m'mayunivesite. Ambiri amakonza maphunziro ngati kuti wophunzira aliyense amakhala pa kampasi pamene pali Wi-Fi ndi magetsi osazima. Ena amangounjikapo mabuku a PDF a masamba mazanamazana n'kusowa, moti funso limene wophunzira walemba pa bwalo la zokambirana limatha semesita yonse osayankhidwa. N'chifukwa chake ophunzira amathawira ku magulu a WhatsApp, kumene mtsogoleri wa kalasi amasanduka mphunzitsi wosalipidwa.

Zofunika kusintha sizifuna ndalama zambiri. Phunziro lijambulidwe mawu okha, m'zigawo za mphindi khumi, chifukwa mawu sadya data ngati vidiyo. Manotsi alembedwe oti awerengeke pa foni. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola munthu kutsitsa phunziro n'kumawerenga popanda intaneti, koma ophunzira ambiri sanauzidwepo zimenezi pa sabata ya orienteshoni. Ndipo nthawi yotsekera asainimenti isamakhale yokhwima mpaka pa mphindi, poti amene wachedwa chifukwa cha netiweki sanachite ulesi. Mlongo wanga anatayapo mamakisi pa ntchito imene anaimaliza kutatsala tsiku lathunthu, chabe chifukwa mvula inagwa usiku wonse ndipo pa chulu paja sipanakwereke.