Kutseka mabowo sikupha kachilombo

Mwalemba kuti matabwa ndi mitanda ya nyumba ikamafumbwa timate mabowo n'kupaka penti, koma pamenepo sindikugwirizana nanu. Bowo la mamilimita 1 mpaka 2 ndi potulukira kachilombo kakakhwima. Chimene chikudya thabwa ndi mphutsi, ndipo ili m'kati ndithu.

Yambani mwaona ngati kufumbwako kukupitirira. Sesani bwino, yalani pepala pansi pa mtanda kwa milungu iwiri. Mukapezapo ufa woyera ngati wa mgaiwa wosefa, mphutsi zilimo. Dothi lomatika pathabwa ndi chiswe, imeneyo ndi nkhani ina. Kenako bayani ndi sikuludiraiva: ikalowa mosavuta, mtandawo watha, sinthani, makamaka ukakhala wonyamula denga. Mitengo ya bulugama imafumbwa kwambiri kunja koyeraku, mtima umatsala.

Mtanda umene ukadali wolimba palani penti kapena vanishi yense, chifukwa mankhwala salowa pamwamba pa penti. Sungunulani mankhwala a ufa otchedwa borax magalamu 600 ndi boric acid magalamu 400 m'malita 10 a madzi otentha. Pakani ndi bulashi mpaka thabwa likhute, liume, mupakenso. M'mabowo thirani ndi sirinji. Valani magulovesi, ana atalikire.

Oyilo wakuda wa galimoto musamupake pa mitanda ya m'nyumba yogona. Ndipo malata akudontha konzani msanga, mvula imatsuka borax.