Chifundo chawo chimathera pa zithunzi

Abale, mukamva kuti munthu akugwira ntchito ku bungwe lachifundo kuno ku England musamaganize kuti wafika. Langa lili ku Leeds, limasamalira anthu olumala, ndipo makalata ake opempha thandizo mutawawerenga mutha kugwetsa misozi. Koma bwerani mudzaone m'kati.

Abwana athu timawaona pokhapokha ma trustee (akuluakulu oyang'anira bungwe) kapena opereka ndalama akabwera. Tsiku limenelo amafika atatchena, kugwira dzanja la wodwala, kujambulitsa, basi ulendo. Rota, ndandanda wa mashifiti, amasintha Lachisanu usiku pa WhatsApp, osafunsa ngati uli ndi mwana kapena tchalitchi. Hoist yonyamulira odwala inawonongeka kalekale, moti bambo wina wolemera timamunyamula ndi manja anthu awiri, misana ikulira. Mayi wina wa ku Zimbabwe anadandaula pamsonkhano uja amati "tiuzeni zakukhosi", wokhala ndi tiyi ndi mabisiketi. Mwezi wotsatira mashifiti ake owonjezera anangosowa. Kuyambira pamenepo tonse timangomwa tiyiyo.

Malipiro ndi omwewo otsikitsitsa amene boma linaika, omwe mu Epulo 2025 anafika pa £12.21 pa ola. Za sleep-in ndiye musanene. Umagona m'kachipinda ka pafupi ndi ofesi, khutu lili tcheru kudikira belu, koma amakupatsa kandalama kochepa ka usiku wonse, chifukwa mu 2021 Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri kuno, inagamula kuti maola ogona sawerengedwa ngati ntchito ya pa ola. Abwana chigamulo chimenechi amachidziwa pamtima, kuposa mayina athu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti amadziwa kuti sitingathawe. Eni dziko akatopa amangosiya n'kukalowa ntchito m'sitolo. Ife visa yathu inamangiriridwa ku bungwe lomwe linatiitana, ndipo ukachotsedwa Home Office, unduna woona za mavisa, imakupatsa masiku 60 okha kuti upeze ena okulemba, apo ayi longedza. Ndiye ukaganiza za fizi ya ana ku Zomba ndi feteleza wa amayi, umameza mate n'kunena kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ma trustee nawonso, anthu aulemu wawo, amangowerenga malipoti olembedwa ndi abwana omwewo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo usiku kudzationa.

Dzulo kwabwera uthenga woti antchito akuchoka chifukwa "alibe mtima wotumikira", ndipo kukhala maphunziro otilimbikitsa Loweruka, tsiku langa lopuma, popanda malipiro.