Maluwa a sakura ndi mwezi wa Epulo ku Japan

Ndawerenga nkhani ina yomwe yafotokoza bwino kukongola kwa maluwa a sakura, omwe ndi maluwa a mitengo ya matcheri ya ku Japan, koma ndikuona kuti mfundo ya nyengo inafunika kuitsindika kwambiri. Ku Japan chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, choncho ana ovala yunifolomu yatsopano amalowa pachipata maluwawa akuyoyokera pamapewa pawo, ndipo ambiri amakula akuwaona ngati chizindikiro cha chiyambi chatsopano. Maluwawa amayamba kuphuka kummwera chakumapeto kwa Malichi n'kukafika ku Hokkaido, chilumba chakumpoto, chakumayambiriro kwa Meyi, koma pamalo amodzi sakhalitsa kupitirira milungu iwiri. N'chifukwa chake anthu amalawirira kukayala mapulasitiki pansi pa mitengo kuti apeze malo odyerapo pamwambo woonerera maluwawa wotchedwa hanami. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kutentha kukuwafulumizitsa, moti mu 2021 mitengo ya mumzinda wa Kyoto inali itadzaza kale maluwa pa 26 Malichi.